Mchere Umene Ndinapatsa Ng'ombe ya Bambo

Pamsewu wa kampani,
kumpoto kwa Rubkona.

Wokondedwa mlongo wanga Duop,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako ku Juba kumeneko. Mwadzuka bwanji iwe, mlamu wanga Nyagoa ndi ana? Chifuwa chimene unkadandaula nacho chija chinakusiya, kapena ukadali kutsokomolera odwala kuchipatala kwanuko? Ife kuno tikupuma. Ana anga atatu ali bwino, kupatula zipere za kumapazi zimene aliyense ali nazo chifukwa choponda madzi tsiku ndi tsiku.

Usadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale. Foni pano imagwira malo amodzi okha, pamwamba pa mulu wa miyala umene kampani ya mafuta inasiya, ndipo ukakwerapo anthu khumi amakhala pansi pako kudikira, makutu ali tcheru. Zimene ndili nazozi si zonenera pamwamba pa miyala. Kalatayi ndapatsira mayi wina wogulitsa nsomba zouma amene akukwera ndege ya katundu Lachinayi. Sadziwa kuwerenga, n'chifukwa chake ndamusankha.

Kumudzi kwathu ku Kuerbiel usakufunsenso. Chaka chino n'chachinayi madzi ali pamwamba pake. Ndinadutsako ndi bwato mwezi watha, ndipo ndinazindikira malo athu chifukwa cha nsonga ya mtengo wa bwemba uja unagwamo uli mwana. Khola la bambo, manda awo, munda wa mapira, zonse zili pansi pa nsomba. Dziko lathuli ukulidziwa, lilibe ndi chitunda chomwe choti madzi n'kutsetserekapo. Mtsinje wa Nam ukasefukira madzi amangokhala, kudikira kuti ifeyo titope.

Pouma ndi pamsewu pokha, umene a mafuta anaukweza kuti magalimoto awo azifika kuzitsime. Tafola pamenepo ngati mbalame, zisakasa mbali iyi, ng'ombe zotsala mbali iyo. Timadya nsomba ndi nyika zimene timazula pansi pa madzi. Mpope wa mafuta ukudutsa pansi pa mphasa yanga ulendo wa kumpoto, koma mafuta a nyale sindinawaone chichokereni iwe.

Tsopano ndifike pa nkhani. Mlongo wako Nyayiel ali m'mwezi wachisanu ndi chitatu. Izi ukuzidziwa, ndipo unasangalala pafoni. Monga mwa mwambo akadali m'manja mwathu mpaka mwana woyamba atabadwa. Mwamuna wake Liep amabwera mwa apo ndi apo kuchokera ku Rubkona, kumene akuunjika matumba a dothi otchinga madzi kuti asalowe m'bwalo la ndege. Ndi munthu wofatsa, ndipo akabwera amangoyang'ana mimba ya mkazi wake n'kumaseka yekha.

Yian ukumukumbukira, ng'ombe yofiirira imene bambo anaipaka phulusa pamsana n'kuipereka kwa mzimu wa nyumba yathu asanamwalire. Mwa ng'ombe zonse za bambo watsala ndi iye yekha. Mkaka wake samwa munthu wamba, koma ana a m'nyumba ya bambo okha. Ine ndinabereka kwa eni, ndine wa nyumba ina tsopano, ndipo ana anga sangaulawe. Iwe uli kutali. Watsala Nyayiel yekha. Choncho kuyambira tsiku limene anatenga pakati, chipanda chonse cha Yian chinali chake, m'mawa ndi madzulo. Ana anga ankayang'ana, ine n'kuwathamangitsa. Ndinkati m'mimbamo muli mdzukulu wa bambo, ndipo bambo akumudyetsa okha kuchokera kumene aliko.

Duop, apa ndi pamene cholembera chikundilemera.

Yian anayamba kuonda chaka chatha. Udzu wa m'madzi sukhalitsa m'mimba mwa ng'ombe, ndiponso ankalakalaka mchere. Ankanyambita zingwe, nsanza, ngakhale thukuta la pamkono panga ndikamakama. Kale chilimwe chikafika tinkapita nazo kudambo lija la dothi lamchere, koma nalonso linamira. Ndinkamuona akutha, nthiti zikuwerengeka, ndipo ndinaopa kuti ng'ombe ya mzimu ifera m'manja mwanga, ine mwana wamkazi, anthu n'kudzati Nyakume anatha nyumba ya bambo ake.

Kumapeto kwa msewu uno kuli chitsime cha mafuta chimene anachitseka nthawi ya nkhondo, ndipo pambali pake pali dziwe lokumba limene ankatayiramo madzi otuluka ndi mafutawo. M'mphepete mwake mumauma zinthu zoyera ngati ufa. Tsiku lina ndikuchokera kotola nkhuni ndinagwada n'kulawa ndi lilime. Unali mchere, wowawira pang'ono kumapeto. Ndinasangalala, mlongo wanga. Ndinapala wodzaza beseni, n'kusenza pamutu ndikuimba nyimbo ya Yian.

Usandiuze, ndikudziwa. Unandichenjeza. Chaka chija unabwera kumaliro a bambo unaima pakhola n'kunena kuti ng'ombe zisamayandikire maiwe a kampani, chifukwa kuchipatala kwanu mumalandira amayi ochokera kuzitsime okhala ndi ana osaoneka bwino. Ndipo ndine ndinayambitsa kukuseka. Ndinati mwamuna wa pamphumi posalala, wothawa mpeni wa mphini, angatiphunzitse chiyani za ng'ombe. Bambo aang'ono a Thoar anaseka mpaka kugwira m'mimba, iwe n'kunyamula chikwama. Mawu ako aja ndinawakumbukira ndili pamphepete pa dziwe, beseni lili m'manja. Ndinadziuza kuti iwe unkanena za madzi, pamene ine ndikutenga mchere wouma.

Yian anaukonda. Pasanathe mwezi ubweya unayamba kunyezimira, mkaka unachuluka, ndipo anatenga bere. Amayi anzanga ankandifunsa chinsinsi, ine osawauza, kuopa kuti angandithere mcherewo. Kuumira kwangako ndiko kunapulumutsa ng'ombe zawo. Miyezi isanu ndi umodzi ndakhala ndikupala mchere m'mawa, kukama, n'kupereka chipanda kwa Nyayiel ndi manja awiri. Anasiya kumwa pokhapokha Yian ataumitsa mkaka poyandikira kubereka.

Masabata atatu apitawo Yian anabereka. Kunali kutacha, anthu atapita kale ku nyika ndi ku maukonde, ndipo ndinali naye ndekha kuseri kwa bango kumene ndinamumanga. Thole linatuluka bwinobwino, lofiirira ngati mayi wake. Nditalipukuta kumutu ndinapeza kuti pamalo a maso pali khungu lokhalokha, losalala ngati pa bondo. Chibwano chapansi chinali chachifupi, lilime lili panja. Linkapuma. Linkafunafuna bere ndi mutu, koma linalibe pakamwa pogwirira.

Sindinaganize za ng'ombe ayi. Ndinaganiza za chipanda.

Kuti umvetse zimene ndinachita, ndikuuze za mkazi wa Kueth, msodzi amene chisakasa chake chili chachinayi kuchokera pa chathu. Anachira chilimwe chapitachi. Ndinali m'gulu la amayi othandiza, pamodzi ndi azakhali athu, mlongo wa bambo, amene ndiwo mzamba wa msewu wonse uno. Mwana anabadwa mutu uli wotseguka kumbuyo, maso kulibe. Azakhali anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka ananena mawu aja tinkangowamva tili ana, akuti ameneyu si munthu, ndi mwana wa mvuu amene wasochera njira n'kulowa m'mimba mwa munthu, ndipo ayenera kubwerera kwa eni ake. Palibe anatsutsa. Anamukulunga m'nsalu, n'kukamugoneka pamadzi mwaulemu, akumuuza kuti apite bwino kwa abale ake. Nsaluyo inali yanga, Duop, ndipo pomwe ankamukulunga mwanayo ankagwedeza phazi.

Azakhali si munthu wankhanza, iwenso anakulandira ndi manja omwewo. Akuti pa moyo wawo wonse anali ataona mwana wotere kamodzi kokha, ali mtsikana. Pamsewu pano aona atatu m'zaka ziwiri. Iwo amati mvuu zachuluka chifukwa madzi achuluka. Kunabwera anthu ena ovala zotchinga m'manja, anatunga madzi m'timabotolo, anameta tsitsi la ana, n'kunyamuka pa bwato la injini. Sanabwerenso kudzatiuza chimene anapeza.

Ndiye thole lija ndinalinyamula n'kulowa nalo m'madzi mpaka m'chiuno, ndipo ndinadzimva ndikulankhula mawu omwe aja a azakhali. Ndinalikankhira m'bango. Yian analira tsiku lonse.

Anthu atabwerako ndinati thole linabadwa lakufa. Bambo aang'ono a Thoar anangogwedeza mutu, n'kundiuza kuti ndibweretse chikopa chake achidzaze ndi udzu, kuti Yian azichinunkhiza potulutsa mkaka. Pamenepo ndi pomwe ndinazindikira kupusa kwanga. Ndani mwa ife anatayapo thole lakufa osalisenda? Ngakhale mwana wa zaka zisanu amadziwa kuti ng'ombe zathu sizitsitsa mkaka popanda fungo la mwana wake. Ndinachita chibwibwi n'kunena kuti ng'ona inalitenga ndisanapeze mpeni. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti ng'ona yake ndi yotani yosiya ng'ombe yamoyo ndi mzimayi wonenepa n'kusankha mtembo. Anthu anaseka, nanenso ndinaseka nawo.

Mumtima ndinati zakhala bwino, popanda chikopa Yian aumitsa mkaka, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma azakhali sagonja kwa ng'ombe. Anabwereka chikopa cha thole la anthu ena, anachipaka mkodzo wa Yian, anamunyengerera masiku anayi akumuimbira, mpaka mkaka unatsika. Lamulungu lapitali ndikuchokera kotunga madzi ndinawapeza akupereka chipanda chodzaza kwa Nyayiel, akumuuza kuti amwe mwana adzabadwe ndi mafupa a agogo ake.

Sindikudziwa kuti ndinafika bwanji pamenepo. Ndinangoona chipanda chili pansi, mkaka ukuyenderera m'fumbi la msewu. Kutaya mkaka wa ng'ombe ya mzimu ukudziwa kuti n'chiyani. Azakhali anagwira pakamwa. Bambo aang'ono anandifunsa ngati ndayamba misala kapena ndi nsanje poti ana anga samwa nawo. Ndinati ndinapunthwa. Iwo anati munthu sapunthwa ndi dzanja.

Nyayiel anadikira kuti anthu abalalike. Madzulo dzuwa lisanalowe anandipempha kuti ndimuperekeze kukasamba, ndipo titafika kuseri kwa bango, pamalo pomwe paja, anaima. Ukumudziwa mwana ameneyu, ndinamulera ndine mayi atatisiya, ndipo sanayambe wandiyang'anapo m'maso polankhula. Tsiku limenelo anandiyang'ana.

Anati tsiku lija sanapite ku nyika chifukwa msana unkamupweteka, ndipo atamva Yian akubuula anabwera kuti adzathandize. Anaona zonse ali m'bango. Anaona nkhope ya thole, anandimva ndikulitsanzika. Za mchere ankadziwanso kalekale, poti beseni ankatsuka ndi iyeyo. Masabata atatu onsewa wakhala akudikira kuti mwina ndimuuza ndekha.

Ndinagwada m'matope kuti ndipepese, koma anandiletsa. Anagwira dzanja langa n'kuliika pamimba pake. Mwana ankagunda mwamphamvu, ngati akufuna kutuluka nthawi yomweyo.

"Mwamumva, achemwali? Ameneyu si mvuu," anatero. "Kaya abwere ndi maso, kaya abwere opanda, ndi wanga. Tsiku langa likafika inu musadzalowe. Manja anuwa azolowera njira ya kumadzi."

Mawu amenewa sindinagone nawo mpaka lero. Sindikumuimba mlandu. Ananena zoona.

Mwina mwanayo ali bwinobwino. Pali amayi pamsewu pano amene amamwa madzi oipa kuposa mkaka uja, ana awo n'kubadwa amphumphu. Ndimadziuza zimenezi m'mawa uliwonse, koma ndikatseka maso ndimaona khungu losalala lija. Ndili ndi mantha, mlongo wanga, mantha amene sindinakhale nawo ngakhale nthawi ija tinkabisala m'dambo asilikali akuwotcha mudzi. Nthawi imeneyo ndinkadziwa kothawira. Uyu mdani ndinamusenza ndekha pamutu n'kumulowetsa m'nyumba.

Dzulo ndinapita kwa bambo aang'ono n'kuwapempha kuti Nyayiel akachilire ku Juba, kumene unati kuli makina oona mwana akadali m'mimba, ndi madokotala osoka ngakhale khanda la tsiku limodzi. Za thole sindinawauze. Ndikawauza adzati mzimu wa bambo wakwiya, adzayamba kufufuza amene analakwa, abale a Liep adzamva, ndipo mwanayo adzaweruzidwa asanabadwe. Ndinangoti mimba yake yakula modabwitsa ndipo ndikuopa.

Anakana. Anati mwana woyamba amabadwira pakhomo pa bambo a mtsikana, apo ayi ukwatiwo sumangika ndipo mwanayo sadziwika kwawo. Ndinawafunsa kuti khomo lake liti, poti la bambo lili pansi pa madzi ndipo pano tikugona pamsewu wa eni. Anayankha kuti khomo la munthu wakufa limakhala pamene pali mwana wake wamwamuna, ndipo poti mwana wamwamunayo anataya nyumba n'kukakhala m'tauni, khomolo lili pamene pali iwo, mng'ono wa malemu.

Wamva, Duop? Anena okha ndi pakamwa pawo. Khomo la bambo lili pamene pali iwe, ukangolivomera.

Ndikudziwa kuti unalumbira pamaliro paja kuti za nyumba ino, za ng'ombe ndi mizimu yake, sudzazikhudzanso. Ndikudziwanso kuti amene anakufikitsa pamenepo ndine ndi pakamwa pangapa. Ngati ukufuna ndidzagwade pamaso pa mkazi wako ndi ana ako, ndidzagwada. Undinene mmene ungafunire, undiuze kuti unanena, ndivomera zonse. Koma zimenezo tidzachite pambuyo.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Ukangowerenga kalatayi, imba foni ya Kueth, amene walonjeza kumadikira nayo pamulu wa miyala paja madzulo aliwonse, umuuze akaitane bambo aang'ono akwere pamenepo. Nthawi ino ndikufuna anthu onse a pansi amve. Uwauze kuti ndiwe Duop mwana wa Reath, kuti nyumba ya bambo ako ili ku Juba kumene iwe uli, ndipo ukuitana mlongo wako kuti adzachilire pakhomo pa bambo ake. Usawatsutse za mwambo, usatchule za chipatala, ndiponso usayambe zija umachita zophunzitsa anthu. Ungonena mawu amenewo basi. Adzatukwana, adzanena za pamphumi pako, koma sangakane pamaso pa anthu chinthu chimene anena okha.

Liep ndalankhula naye. Sakudziwa chifukwa chenicheni, koma wati mkazi wake akaitanidwa ndi mlongo wake iye alibe mawu, ndipo akudziwana ndi anthu a pabwalo la ndege. Bwato la kupita ku Rubkona ndi la tsiku limodzi, Kueth wavomera kupalasa. Koma akuti a ndege sakweza mzimayi amene masiku ake ayandikira kwambiri. Azakhali atamugwira pamimba dzana anati mwana watembenuka kale, mutu uli pansi. Usadikire kutha kwa mwezi, usadikire kuti mtima wako uyambe wazizira.

Akadzafika kumeneko, chilichonse chimene makinawo adzaonetse, umuuze zoona. Asadzamve kuchokera kuseri kwa bango ngati mmene anamvera kwa ine. Ndipo mwanayo akadzabadwa, kaya ali bwanji, umunyamule iwe poyamba, umutchule dzina anthu akumva. Mwana amene malume ake amutchula dzina palibe angamutchenso china.

Yian ndamusamutsira kutali ndi dziwe. Mkaka wake ndikukama ndekha n'kukautaya mobisa, ndipo azakhali ndawauza kuti waumanso. Ng'ombeyo inauzolowera mcherewo, moti imakoka chingwe kuloza kudziwe komweko tsiku lonse ikulira. Mayi wina ndinamuona dzulo akupita kudziweko ndi beseni, ndipo ndinamuthamangira n'kumuuza zonse, za thole zomwe. Wandilonjeza kuti sanena, koma pamsewu pano nkhani sikhala masiku ambiri. Ichi n'chifukwa chinanso choti ufulumire.

Ukapanda kuimba, sindidzakutemberera. Nyayiel adzachilira m'chisakasa chino, azakhali ali pambali pake, madzi ali mapazi khumi kuchokera pakhomo. Ine ndidzakhala panja monga wanenera mwini wake. Koma ndasankha kale poti ndidzaime, pakati pa chitseko ndi madzi, ndipo wotuluka ndi kansalu m'manja adzayenera kuyamba wandigwetsa ine. Sindikudziwa ngati mzimayi mmodzi angaimitse msewu wonse. Ndithandize kuti ndisadzayese.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga Nyagoa, umuuze akonzeretu mphasa ndi madzi otentha. Ana uwapsompsone, uwauze kuti azakhali awo olongolola aja akadali moyo. Nyayiel sakudziwa kuti ndalemba, koma dzina lako amalitchula kawirikawiri masiku ano. Mulungu wa kumwamba amene anasunga bambo athu akusunge iwe ndi nyumba yako, akupatse mawu pakamwa, ndipo atseke maso ake pa zimene ine ndinachita kuti zisagwere mwana.

Ndikhala ndikuyang'ana kumulu wa miyala kuyambira Lachisanu.

Ndine mlongo wako,
Nyakume Reath